Matayala aakulu pa ekiselo yotopa: zimene Land Cruiser inandionetsa kuno ku Joni

Kwathu ndi ku Neno, kupitirira pa Boma, ndipo aliyense amene anayendako m'dzinja akudziwa chifukwa chake munthu wa kumeneko amalota galimoto yokoka mawilo onse anayi. Mvula ikagwa motsatizana, msewu umasanduka thope loterera, malole a mbatata ya kachewere amagona pachitunda, wodwala amapita kuchipatala pa njinga yamoto atamugwirizira kumbuyo. Ine ndimakhala ku Rosettenville, ntchito yanga ndi yoika matailosi m'nyumba za anthu. Nditasunga ndalama kwa nthawi yaitali n'kulandiranso gawo langa la chipereganyo, ndinagula Toyota Land Cruiser 80 ya 1996, ya injini ya dizilo ya 1HZ, kwa bambo wina wachikulire wa ku Alberton. Ndinapereka R150,000. Inali itayenda makilomita opitirira 400,000, koma injini inkalira bwino ndipo pa roadworthy inadutsa. Maganizo anga anali oti pa Khirisimasi ndipite nayo kumudzi, ndikaisiye m'manja mwa mng'ono wanga izikathandiza pakhomo.

Kuseri kwa tayala lililonse lakutsogolo la galimoto imeneyi kuli chitsulo chobulungira chomwe amakaniko amati knuckle. Tsiku logula ndinaona kuti chakumanzere chamatirira girizi wakuda wosakanikirana ndi fumbi, wochuluka moti chala chinkalowa, ndipo m'munsi mwake munkadontha zamadzimadzi zonunkha oyilo wa difu. Mwiniwakeyo anati ma Cruiser onse amatero. Ndinapukutira chala pa thalauza n'kupitiriza kuona mipando ndi wailesi.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi timakonda kukumana a kumudzi pamalo ena otsukira magalimoto ku Turffontein. Nditafika nayo koyamba, alamu anga anaizungulira kawiri, kenako anati, "Alamu, galimoto yotereyi pa timatayala timeneti ikuchititsa manyazi. Ku Neno mukakafika ndi zimenezi mukatitimira pa mlatho woyamba." Ena onse anavomereza, mafoni anatuluka m'matumba, ndinaonetsedwa zithunzi za ma Cruiser okwezedwa m'mwamba, matayala ofika m'chiuno. Sabata yotsatira ndinali pa galaja ina cha ku Jules Street. Anandiikira masipuling'i ndi mashoko okweza galimoto ndi mamilimita 50 pa R22,000, ndi matayala anayi a m'matope a 315/75R16, omwe anthu amangoti ma 35, pa R20,000. Titayesa kukhota mpaka kumapeto, matayalawo ankakhula chitsulo cha radius arm, mkono wautali wogwira ekiselo ku chasisi, ndiye anandiwonjezera ma spacer otulutsa mawilo kunja pa R3,000. Ntchito yonse inatha tsiku limodzi. Palibe anagwedeza tayala kuti amve ngati muli kusewera, palibe anayang'ana girizi uja.

Maonekedwe okha inali galimoto yoti anthu amatembenuka. Kuyendetsa kwake ndiye kunali nkhani ina. 1HZ ilibe turbo, mphamvu zake ndi 96 kW basi, ndipo Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, komwe mpweya ndi wopepuka moti injini yotereyi imafooka ndi kale. Kuiveka matayala aakulu kunali kuiwonjezera katundu. Zitunda zomwe ndinkakwera pa giya 4 zinayamba kufuna giya 3, ma taxi akundiimbira hutala kumbuyo. Sipidomita nayo inayamba kunama: tayala lalikulu limayenda mtunda wotalikirapo likazungulira kamodzi, ndiye singano ikaloza 100, galimoto ikuthamanga pafupifupi 110. Izi ndinazidziwira pa GPS ya foni, mwamwayi kalata ya chindapusa isanabwere. Chinanso, chiwongolero chinapepuka modabwitsa. Ndikatuluka pakona sichinkabwerera chokha pakati, ndipo pamsewu woongoka galimoto inkangofuna kutsatira timizere ta phula, ine n'kumaiwongola mosalekeza. Ndinkaganiza kuti ndi mmene matayala a m'matope amakhalira.

Tsiku lina Loweruka m'mawa ndinkapita kokagwira ntchito ku Randburg, kumbuyo nditadzaza makatoni a matailosi. Pa M1, pamene msewu umadutsa m'mwamba cha ku Newtown, pali timipata tolumikizira zigawo za mlatho. Tayala lakumanzere litangogunda kamodzi ka timipatato ndikuthamanga cha m'ma 80, chiwongolero chinayamba kumenyeka uku ndi uku mwamphamvu moti zala zinachita dzanzi. Kutsogolo konse kunkagwedezeka, boneti ikuvina, makatoni akugubuduka kumbuyo. Kumanja kwanga kunali lole, kumanzere chipupa cha konkire. Mtima unali m'malere. Mwendo unathamangira pa buleki ndipo kugwedezekako kunakula. Nditausiya n'kungochotsa phazi pa mafuta, liwiro linatsika pang'onopang'ono, ndipo cha m'ma 40 zonse zinangoti zii ngati sipanachitike kanthu. Ndinatuluka pa offramp yoyamba, ndinaima, miyendo ikunjenjemera. Matailosi a kasitomala okwana makatoni awiri anali atasweka.

Kugwedezeka kumeneku eni ake a 4x4 amati death wobble, ndipo kumakonda magalimoto a ekiselo yakutsogolo yathunthu ngati Cruiser, Patrol ndi Hilux zakale. Kukakupezani, gwirani chiwongolero ndi manja awiri osalimbana nacho, chotsani phazi pa mafuta, buleki muiponde mofatsa ngati pakufunika, ndipo musathamangenso kufikira galimoto itaonedwa pansi. Sikutha kokha.

Lolemba ndinabwerera pa galaja ija. Anachita balansi matayala, n'kundiuza kuti steering damper yatha. Ndinagula yatsopano, yonenepa, ya R2,000. Kunena zoona, kugwedezeka kunasiya, ndipo ndinauza aliyense kuti vuto lapezeka. Damper ija ndi shoko chabe yopingasa kutsogolo, ntchito yake ndi kuchepetsa kumenya kwa chiwongolero tayala likagunda mwala. Ikakhala yatsopano imatha kubisa kusewera kwa zitsulo zina kwa miyezi ingapo, pamene zitsulozo zikupitiriza kudyeka. Galimoto yomwe zonse zili bwino imayenera kuyenda mowongoka ngakhale damper itachotsedwa. Wina akakuuzani kuti mankhwala a death wobble ndi damper, mufunseni kuti wagwedeza chiyani ndi chiyani asanafike pamenepo.

Kumapeto kwa Novembala alamu anati tikaiyese kaye isanapite kumudzi. Tinapita pamalo ena oyeserapo magalimoto a 4x4 cha ku Hartbeespoort. M'matope ndi mumchenga inayenda bwino, anyamata akujambula. Kenako tinafika pachitunda cha miyala chokhota pamwamba. Ndinakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, tayala lakumanzere linanyamuka m'mwamba n'kumazungulira lokha, ine ndinawonjezera moto, ndipo litatera pamwala n'kugwira, kunamveka kuti khoo, phokoso louma lomwe ndinalimva mpaka m'mano. Galimoto inasiya kukoka. Chiwongolero chinkakhota mbali imodzi, mbali inayo chikukakamira.

Chomwe chinasweka ndi birfield, mfundo ya CV yomwe imakhala m'kati mwa knuckle, imene imalola tayala kukoka uku likukhota. Imakhala yofooka kwambiri pamene chiwongolero chakhotetsedwa mpaka kumapeto, ndipo tayala lalikulu lolemera likamazungulira m'mwamba n'kugwira mwadzidzidzi, mphamvu yonse imathera pa iyo. Galimoto yanga ndi ya mtundu wokoka mawilo anayi nthawi zonse, ndiye mbali imodzi ikasweka, mphamvu imangothawira kosweka komweko. Pambuyo pake ndinamva kuti munthu wodziwa amachotsa birfield yosweka ndi zidutswa zake, n'kumasula propshaft yakutsogolo (chitsulo chopereka mphamvu ku ekiselo yakutsogolo), n'kutseka difu yapakati, galimoto n'kubwerera kunyumba pa mawilo akumbuyo. Pakati pathu panalibe ngakhale soketi ya 54 mm yomasulira nati ya habu. Galimoto yonyamula inatenga R3,500 kuifikitsa ku Turffontein, ndipo tinafika usiku.

Kumeneko kuli madala ena a ku Mulanje omwe anagwira ntchito zaka zambiri akukonza ma Land Cruiser a m'maesiteti a tiyi asanabwere kuno. Amagwirira kuseri kwa nyumba, pansi pa lona. Sanafunse za birfield n'komwe. Anakweza galimoto pa jeke mbali yakumanja, yomwe ine ndinkati ndi yabwino, anagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Linkamveka kuti gu, gu. Anandiuza kuti ndikwere ndiponde buleki, anagwedezanso, kusewera kunalipobe.

"Mukuona, achimwene? Kukanakhala kuti kwasiya mutaponda buleki, bwenzi tikuti ndi mabering'i a wilo. Kwatsala, ndiye kuti ndi mabering'i a kingpin, omwe knuckle imakhoterapo. Galimotoyi munaikweza musanaifunse ngati ili ndi mphamvu."

Kenako anaitsitsa pansi, anandiuza kuti ndizigwedeza chiwongolero uku ndi uku injini ili chozima, iwo atagona pansi ndi tochi, akugwira mfundo iliyonse ndi dzanja. Kuyeza kumeneku sikufuna makina kapena ndalama, anthu awiri ndi tochi basi, ndipo mkati mwa mphindi zochepa anapeza ma tie rod end awiri osewera (mfundo za kumapeto kwa tie rod, chitsulo cholumikiza mawilo awiri akutsogolo), mabushi ong'ambika a panhard rod (chitsulo chopingasa choletsa ekiselo kusunthira m'mbali), ndi kamng'alu kopyapyala ngati ulusi pa chasisi, pafupi ndi pomwe steering box imamangidwa. Kamng'aluko kankatseguka ndi kutsekeka ndikamagwedeza chiwongolero. Anati ma 80 amakonda kung'ambika pamenepo akavekedwa matayala aakulu.

Mawa lake tinatsegula knuckle yakumanzere. Mmalo mwa girizi wokhuthala munatuluka zakuda zoyenderera, zodzaza tizidutswa ta chitsulo tonyezimira, ndi mipira iwiri ya birfield yomwe inagwera mu beseni. Silo yam'kati yomwe imaletsa oyilo wa difu kulowa mu knuckle inali itatha kalekale, oyilo n'kusungunula girizi, mabering'i n'kumayenda ouma. Awo ndi madontho ndinawaona tsiku logula aja. Bering'i ya kingpin yapansi inali ndi maenje oti chikhadabo chinkakodwa. Koma chomwe chinandiumitsa pakamwa chinali pansi pa knuckle. Pamenepo pali ma stud anayi, mabawuti omangiriridwa mu knuckle, omwe amagwira mkono wa chiwongolero, ndipo kumanzere ndi komwe drag link, chitsulo chochokera ku steering box, imafikira pa galimoto za chiwongolero chakumanja ngati zathuzi. Stud imodzi inali itaduka, mutu wake ukungogwiridwa ndi dothi. Ziwiri zinamasuka ndi zala. Imodzi yokha ndiyo inali yolimba. Madala anaiika yodukayo m'dzanja langa osanena kanthu. Ndinaganiza za N1 kupitirira Polokwane, mayi a kunyumba ali pambali panga, ana kumbuyo, katundu padenga. Usiku umenewo sindinadye.

Apa ndi pomwe nthawi inatithawa. Zida zokonzera ma knuckle onse awiri, mabering'i, masilo, ma gasket ndi ma stud, madala anakana zotchipa za m'mashopu a m'mbali mwa msewu, makamaka silo yam'kati ija, chifukwa ikadontha ntchito yonse imabwerezedwa. Zoyenerazo tinachita kuitanitsa, ndipo zinafika Disembala atalowa kale. Amene mwakhala kuno mukudziwa kuti pakati pa Disembala makampani ambiri a zomangamanga ndi ma engineering shop amatseka mpaka Januwale. Malo oti akatiphanire mabushi ndi makina tinawapeza atakhoma geti. Wowotcherera amene madala ankamukhulupirira pa chasisi anali atapita kwawo. Ulendo wa Khirisimasi pa galimoto unafera pomwepo.

Mayi a kunyumba sanakweze mawu, anangoti, "Bambo a ana, ndalama ya matayala ija ikanakhala malata bwenzi pano nyumba ya amayi itafoleredwa." Tinakwera basi ku Park Station pa mtengo wa Disembala, katundu wambiri tinasiya, ndipo kumudzi aliyense ankafunsa kuti galimoto ija ili kuti.

Mu Januwale tinakhala pansi ndi madala kukambirana zoti tiike. Ine ndinali nditawerenga za ma birfield a chromoly, olimba kuposa a fakitale, ndipo ndinkafuna amenewo kuti ma 35 akhale. Iwo anandifunsa mafunso awiri. Loyamba: birfield ikakana kusweka, chisweke n'chiyani? Difu yakutsogolo ya 80 ndi yaing'ono, ya mainchesi 8, pamene yakumbuyo ndi ya 9.5, ndipo mano a crown wheel ndi pinion, magiya a m'kati mwa difu, akathyoka mtengo wake ndi wina, ntchito yake ndi ya katswiri. Lachiwiri: galimoto ikakafa ku Neno, mng'ono wanu akapeza kuti chitsulo chapaderacho? Zida wamba za Cruiser ku Blantyre ndi ku Lilongwe zimapezeka, chifukwa magalimoto amenewa ndi omwe mabungwe ndi zipatala akhala akugwiritsa ntchito. Chapadera chiyenera kuchokera kuno pa basi, galimoto itakhala pamiyala mwezi wathunthu. Kwa munthu amene amasewera pamiyala Loweruka lililonse, ngolo yonyamulira ili kumbuyo, chromoly ndi ma 35 zili ndi malo ake, bola asinthenso magiya a madifu onse awiri kuchoka pa 4.1 kupita pa 4.56 kapena 4.88. Ine galimoto yanga ndi yonyamula chimanga ndi odwala.

Ma 35 ndinagulitsa R11,000, otsala pang'ono kukhala atsopano. Ndinagula 285/75R16, omwe ndi pafupifupi mainchesi 33, pa R17,000, ndipo ma spacer anachoka chifukwa amatalikitsa tayala ku mabering'i n'kuwawonjezera katundu. Masipuling'i okweza aja tinawasiya, koma tinakonza zomwe kukwezako kunasokoneza, zomwe pa galaja yoyamba sanatchule ngakhale chimodzi.

Choyamba ndi caster. Taonani foloko ya njinga yakapalasa: siimirira chilili, imapendekera kumbuyo, n'chifukwa chake munthu amatha kupalasa atasiya mahandulo. Ekiselo ya galimoto nayonso imapendekera kumbuyo pang'ono, pa 80 ndi madigiri pafupifupi 3. Mukakweza galimoto, ma radius arm amatsetsereka n'kupotoza ekiselo kutsogolo, kupendekera kuja n'kuchepa. Pa makina a alayimenti yanga inaonetsa kuti yatsala pang'ono kufika pa 0. Uko ndiye kupepuka kwa chiwongolero kuja, ndipo pamodzi ndi mabering'i otha ndi mabushi ong'ambika, ndiye gwero la zomwe zinandichitikira pa M1. Tinaika mabushi obwezeretsa caster. Panhard rod tinaika yotheka kutalikitsa, chifukwa galimoto ikakwezedwa ekiselo imakokeredwa mbali imodzi. Kumbuyo kuli valavu yomwe imayeza kulemera kwa katundu n'kugawa mphamvu ya mabuleki. Galimoto ikakwezedwa imaona ngati mulibe katundu, mabuleki akumbuyo n'kufooka, ndiye madala anaisuntha kuti igwirizane ndi msinkhu watsopano. Anaonanso mapaipi a mabuleki ngati sakukokeka ekiselo ikalendewera.

Tie rod inali yopindika pang'ono. Mnyamata wina wothandiza pamenepo anati tiitenthe ndi gasi tiiwongole, n'kuwotcherera paipi pamwamba kuti ilimbe. Madala anamuyang'ana mpaka mnyamatayo anaweramitsa mutu. Chitsulo cha chiwongolero sachitentha ndipo sachilumikiza. Tinagula yonenepa yopangidwira zimenezo, koma yolowa ma tie rod end wamba, oti angapezeke kulikonse.

Ntchito yobwezeretsa ma knuckle ndinaionerera yonse, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinaona kusiyana kwa makaniko ndi womanga mabawuti. Atamanga mabering'i a kingpin, madala anatulutsa kasikelo ka sipuling'i, kofanana ndi kamene amayezera nyama kapena nsomba, anakakoleka pa mkono wa knuckle n'kukoka. Buku la Toyota limafuna kuti knuckle iyambe kusuntha pakati pa makilogalamu 2.5 ndi 4.5. Mbali imodzi inasuntha isanafike pa 2, anamasula, anasintha timashimu topyapyala, anayezanso, mpaka singano inakhala pakati. Mu knuckle ndi mu birfield anaika girizi wa moly, m'mabering'i a wilo girizi wina. Ma stud aja anawamanga ndi torque wrench pa 96 Nm, n'kupaka kadontho ka penti yoyera pa nati iliyonse kuti ikasuntha ndizione ndi maso.

Ndalama za ntchito yachiwiriyi zinali motere: zida za ma knuckle R4,000, birfield yatsopano R4,500, tie rod ndi ma end ake R5,000, mabushi a caster ndi kuphana kwake R2,500, panhard rod R3,500, kuwotcherera chasisi ndi kuikapo chitsulo cholimbitsa R2,500, alayimenti R600, ndi madala R6,000, yomwe inali yochepa poyerekeza ndi masiku amene anagona pansi pa galimoto. Nditawerengera zomwe ndinataya pa matayala, ma spacer, damper, kunyamulitsa galimoto ndi matailosi osweka, ndalama zomwe zinalowa m'madzi zokhazokha zinapitirira R18,000. Ntchito ya ma knuckle ndi chiwongolero ikanachitika poyamba, birfield yakale mwina bwenzi ilipobe, chifukwa madala anati ya kumanja inali yoti n'kuyendabe.

Tinanyamuka itatha Pasaka. N1 mpaka ku Beitbridge, kenako Masvingo, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowera pa Zóbuè ndi Mwanza. M'maenje a panjira chiwongolero chinkangogwedezeka kamodzi n'kukhazikika. Paliponse pomwe taima kuthira mafuta ndinkagwada n'kuyang'ana timadontho ta penti tija, ndi kukhudza mahabu kuti ndimve ngati akutentha. Pa Tete habu yakumanja inali yofunda kuposa inzake, ndinakweza pa jeke n'kupeza kuti nati ya bering'i ikufuna kubwezeredwa pang'ono, ndipo ulendo uno soketi ya 54 mm inali m'bokosi. Mng'ono wanga ndinamusiyira soketiyo, masilo awiri am'kati, ndi lamulo loti asaponde moto chiwongolero chili kumapeto.

Chatsala ndi steering box. Ikudontha pang'ono pa sector shaft, chitsulo chotuluka m'bokosimo kukankha mawilo kuti akhote, ndipo madala anaona kuti mano a shaftyo ayamba kupotoka, zomwe akuti ndi ntchito ya ma 35 aja m'miyezi yochepa yomwe anakhalapo. Shaft ya Land Cruiser 105 ndi yonenepa ndipo imalowa mu bokosi la 80 pamodzi ndi pitman arm yake, mkono womangidwa pa shaftyo. Ndaipeza kale kuno, ndikudikira malipiro a nyumba yomwe ndikumaliza ku Midrand kuti ndiitumize pa basi, ndipo pakadali pano mng'ono wanga ndamuletsa kunyamula matumba opitirira khumi.